Bambo atisambitsa m'manja pakhomo

Mwaswera bwanji nonse?

Lero ndinatenga Bambo anga ndi mwana wanga Tadala kukaona sitima yakale yankhondo ya pa mtsinje wa Thames, imene anaisandutsa myuziyamu. Tadala ndiye anatikakamiza, poti amangokhalira gemu yomiza sitima zoterezi pa kompyuta.

M'katimo mtsikanayu amafotokoza za mizinga ngati anagwirako ntchito. Koma Bambo atangoona mayina a asilikali ofera panyanja, anavula chipewa.

Titabwerera kwathu ku Woolwich, Bambo anatiletsa kulowa m'nyumba. Akuti tachokera kumanda, tiyambe tasamba m'manja. Amuna anga anachita kutitulutsira beseni, aneba akungotiyang'ana.

Kenako Bambo anafunsa Tadala kuti, "Anthu a m'sitima ukumizazo amawaika m'manda ndani?"

Mwana wazimitsa yekha kompyuta. Ndiye abale, ndiwalankhule Bambo, kapena ndingoisiya yozima choncho?