Msana wa Cathy

Ku Mayani mukafunsa telala wa madiresi a ukwati, aliyense akulozerani pa khonde la sitolo ya a Hassani. Pamenepo mupeza mai Bernadetta, juzi ziwiri pathupi ngakhale dzuwa liswe mtengo, tepi m'khosi, mapini kukamwa. Moni wawo amatulukira m'mphepete mwa milomo, ndipo mlendo amaganiza kuti akwiya. Sanakwiye, nkhope yawo inangokhala choncho.

Kusoka anaphunzira kwa masisitere atalephera kupitiriza sukulu. Anakwatiwa ndi a Bonifasio, munthu wocheka matabwa ku Phiri la Dedza, koma ukwatiwo sunakalambe. Mtengo wa paini unagwera kolakwika, anzawo n'kubwera nawo atawakulunga m'bulangete. Mai Bernadetta anatsala ndi makina osokera komanso mwana mmodzi wamkazi, Cathy, amene anali asanayambe n'kuyenda komwe. Makinawo ndi amene analera mwanayo: mayunifolomu a sukulu, zigamba za mathalauza a alimi a mbatatesi, mabulauzi a amayi a kwaya. Koma mtima wawo wonse unali pa madiresi a ukwati, ndipo pa diresipo unali kumsana.

Atsikana amabwera ndi zithunzi pafoni, kuloza pachifuwa, kuloza manja. Mai Bernadetta ankangowatembenuza ngati thumba la chimanga.

"Kutsogoloko adzakuona ndani?" ankatero. "Bambo mfumu okha, nawonso maso ali m'buku. Iwe ukagwada kuguwa, tchalitchi chonse chimayang'ana msana wako mpaka Misa kutha. Apongozi ako, amene anakukana, amene amakuchitira nsanje, onse ali kumbuyo kwako."

Ndiye ankasankha okha. Wamfupi ankamudulira msana wotsika mosongoka kuti aoneke wotalikirapo. Wathupi ankamukaniza zipi, poti anaonapo zipi ikuphulika mkwatibwi akugwada, ndipo ankamuikira zingwe. Wobwera ndi mimba yobisa ankamuikiranso zingwe zomwezo osamufunsa kanthu, kuti lero amange apa, mwezi wamawa amasule pang'ono. Atsikana a ku Chongoni, amene anakula akusenza nkhuni, ankawasiyira mapewa poyera chifukwa khosi lawo limakhala lowongoka mochititsa kaso. Malire anali a akatekisiti, amene ankadana ndi diresi lotsika kwambiri. Mai Bernadetta ankadziwa pamene diso la akatekisiti limayambira kufiira, ndipo sizasi yawo inkaima chala chimodzi pamwamba pake.

Msana umene ankaudikira moyo wawo wonse unali wa Cathy. Mwanayu sanamusenzetsepo nkhuni kapena thumba la mbatatesi. Anzawo ankawaseka kuti akulera dzira, iwo osalabadira. Cathy anakula wamtali, wosalala, woyenda mowongoka, ndipo mayi ndi mwana anagwirizana kalekale kuti diresi lake lidzakhala lotsegula kumsana mpaka pamalire a akatekisiti, mwinanso kupyola pang'ono, akatekisitiwo adzalankhule ukwati utatha.

Mwamuna anapezeka. Ephraim ankayendetsa lole yonyamula matabwa kuchoka kuphiri kupita ku Lilongwe. Anali mnyamata waulemu wosowetsa chonena: akaona apongozi ake akubwera ankapatuka m'njira, chipewa m'manja. Benchi imene makasitomala amakhalira pakhondepo anakhoma ndi iyeyo. Chinkhoswe chinachitika, nkhuku zinasinthanidwa, ndipo maina awo analengezedwa koyamba m'tchalitchi.

Sabata yomweyo Cathy anabwera kudzayezedwa. Analowa m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, pakati pa makatoni a sopo ndi matumba a shuga, mmene mai Bernadetta amayezera akwatibwi.

"Amayi, ndasintha maganizo," anatero Cathy akuyang'ana makatoni. "Mutseke kumsana konse mpaka m'khosi."

"Ukukhala sisitere kodi?"

"Kumazizira m'tchalitchi muja."

"Mu Okutobala? Usandiseketse. Vula bulauziyo ndiyeze."

"Yezerani pamwamba pomwepa."

Mai Bernadetta sanayezepo mkwatibwi pamwamba pa chovala chiyambire ntchito yawo, ndipo sakanayambira pa mwana wawo. Anamugwira paphewa, namutembenuza, nakweza bulauzi okha. Mapini anagwa kukamwa. Kuchokera paphewa mpaka m'chiuno munali mikwingwirima, ina yakuda yoyamba kupola, ina yofiirabe, yopingasana ngati mizere ya mwana wophunzira kulima.

"Ndani?"

Cathy anayesa kutsitsa bulauzi.

"Ndikufunsa iwe. Ndani?"

"Ephraim anakwiya basi. Anandipeza ndikuseka ndi mnyamata amene ndinaphunzira naye, pa siteji paja."

"Anakumenya ndi chiyani?"

"Lamba wa injini. Koma analira, amayi. Analira kuposa ine."

Msana umene mai Bernadetta anauteteza ku nkhuni ndi ku matumba zaka zonsezi, munthu anaulima ndi lamba wa lole tsiku limodzi. Mayiwo anafuna kukuwa, koma kuseri kwa chitseko a Hassani anali kugulitsa mchere, ndiye anangotsitsa bulauzi ija pang'onopang'ono kuti isakhudze zilonda.

Kwathu kuno mayi sathetsa ukwati wa mwana wake. Mwana ndi wa malume ake, ndipo nkhani ya banja imayenda ndi ankhoswe. Choncho mai Bernadetta sanaganizeko n'komwe za kupolisi kapena kwa bambo mfumu. Anatseka makina, nayenda ulendo wa kudimba kwa mchimwene wawo, a Kalisto, amene anawapeza akuthirira kabichi.

A Kalisto anamvetsera khasu lili m'manja, napukusa mutu momvetsa chisoni. Si munthu woipa ayi, amangokhulupirira kuti palibe nkhani imene singathe anthu atakhala pamphasa.

"Mwachita bwino kubwera kwa ine, achemwali. Tiwaitana akuchimuna."

Anawaitanadi. Anakhala pansi pa mtengo wa pichesi kwa a Kalisto, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, Ephraim atagwada pakati. Mai Bernadetta sakanakhala nawo, poti mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, ndiye anamvera kukhitchini kudzera pa ming'alu ya chitseko. Anamva Ephraim akulira, anamva malume ake akumukalipira ndi mawu akuluakulu, kenaka anamva nkhuku yopepesera ikulira m'manja mwa a Kalisto. Posakhalitsa anamva kuseka.

"Yatha, achemwali," anatero a Kalisto alendo atapita. "Mnyamata wavomera kulakwa. Maina analengezedwa kale, anthu asonkha chimanga cha thobwa. Tibweze zonsezi chifukwa cha tsiku limodzi?"

"Achimwene, msanawo mwauona?"

"Ine ndione msana wa mwana wamkazi? Musandilaule."

Ndi mmene zinathera. Anthu amene anaweruza mlandu wa msana wa Cathy panalibe ndi mmodzi yemwe amene anauona, ndipo mwambo sukanawalola kuuona. Nkhuku ija anadya a Kalisto ndi banja lawo.

Lamulungu lotsatira akatekisiti anawerenganso maina, nanena monga mwa nthawi zonse kuti wodziwa choletsa ukwatiwu akaonane ndi bambo mfumu. Mai Bernadetta anasuntha pabenchi. Cathy, amene anakhala pambali pawo, anawagwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, maso ali kuguwa, milomo ikuyankha nawo mapemphero.

Atafika kunyumba mai Bernadetta anayesa chida chokhacho chimene anali nacho.

"Diresi limenelo ine sindisoka."

"Chabwino. Ndikabwereka ku Boma."

"Ukabwereke."

"A kumeneko onse kumsana ndi lesi yoonekera. Anthu adzaone, adzandiseke, inu mtima udzakhale pansi." Cathy anapukuta misozi ndi chitenje. "Mukufuna nditani, amayi? Ndibweze mwamuna maina atalengezedwa? Ndikalambire pakhonde la a Hassani ngati inu?"

Mawu amenewo anawapweteka kuposa imfa ya a Bonifasio, chifukwa khonde limenelo ndi limene linamudyetsa. Anadziwa kuti mwanayo apita ndithu, asoke asasoke, ndipo chimene chinawatsalira kusankha chinali chimodzi: apite wovundukuka kapena wophimbika.

Anayala nsalu yoyera patebulo. Choko chili m'manja anajambula msana wotsegula uja, wotsika mpaka pamalire, ndipo anaima nthawi yaitali akuuyang'ana. Anaona m'maganizo tchalitchi chonse chikutonthola, kwaya ikusiya nyimbo pakati, a Kalisto akuwerama. Ukwati ukanathera pomwepo. Koma anaonanso Cathy atagwada yekha kutsogolo, Mayani yense akuwerenga mikwingwirima yake, ndi dzina limene akanamupatsa mpaka imfa. Ananyowetsa chala ndi malovu nafufuta mzere uja.

Diresi limene anasoka m'malo mwake linali lisanaonekepo kuno. Kumsana linakwera mpaka m'khosi, nsalu ziwiri kuti pasaoneke kanthu ngakhale padzuwa, ndipo mkati anaikamo nsalu yofewa ya matewera a makanda kuti isakhule zilonda. Zipi anaikana poopa kuti ingatsine khungu. Anakuta timabatani ting'onoting'ono ndi nsalu yomweyo, kamodzikamodzi, n'kutindandalika kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Lesi anaisokera pamwamba, yongokongoletsa.

Poyesa komaliza, ukwati utatsala pang'ono, anapeza mkwingwirima watsopano pansi pa phewa lamanzere. Cathy anamva manja a mayi ake ataima.

"Mangani mabatani, amayi," anatero.

Anamanga.

Tsiku la ukwati nthungululu zinayamba mkwatibwi asanafike n'kuguwa komwe. Amayi ankakodolana, atsikana ankajambula ndi mafoni, ndipo akatekisiti anayamikira pagulu kuti uku ndiye kuvala kwa mwana woleredwa bwino. Mai Bernadetta anakhala pabenchi yachiwiri, msana wa mwana wawo uli patsogolo pawo Misa yonse, ndipo anthu ankati akulira ndi chimwemwe.

Cathy anatengedwa kupita ku Lilongwe. Amaimba foni mwa apo ndi apo, mawu ochepa, ndipo kawirikawiri mwamuna wake amamveka chapafupi. Akafunsidwa amati ali bwino. Pa Khirisimasi sanabwere.

Diresi lija ndiye linatchuka. Atsikana anayamba kubwera kuchokera ku Chongoni, ku Linthipe, ena mpaka ku Boma, osatulutsanso zithunzi za pafoni. Ankangoti akufuna msana wa Cathy. Mai Bernadetta ankadana nalo dzinalo, koma ankadzitonthoza kuti ana awa akungotengeka ndi timabatani. Ambiri analidi otero, misana yawo yosalala, kuseka kuli pakamwa.

Mwezi wathawu kunabwera Elena, mtsikana wogulitsa tomato mumsika, wamng'ono kwa Cathy. Anapempha msana womwewo. M'kachipinda muja anavula bulauzi yekha asanauzidwe, natembenuka, naima chilili. Mikwingwirima yake inali ya ndodo.

"Mwanawe," anatero mai Bernadetta. "Usapite. Ndikuperekeza ine kwa bambo mfumu lero lomwe, ankhoswe asiye. Diresi ili sindingakusokere."

Elena anawayang'ana chocheuka, mopanda mwano, ngati akudabwa kuti munthu wamkulu sakumvetsa chinthu chapafupi.

"Koma wa Cathy uja munasoka, amayi."

"Cathy ankangofuna..."

"Timadziwa, amayi. Tonse tinadziwa tsiku lomwelo m'tchalitchi. Diresi lotseka chonchija mu Okutobala? N'chifukwa chake timabwera kwa inu. Mumaphimba bwino, ndipo simuuza munthu."

Kunja a Hassani anali kuitana kuti kwabwera wofuna chigamba. Mai Bernadetta anaima pakati pa makatoni a sopo, manja ali lende, mtsikana akudikira ndi msana wake poyera. Kenaka anachotsa tepi m'khosi, nayamba kuyeza kuchokera paphewa.