Dzina Langa Linali ndi Lole ku Silobela

Kunyumba kwathu ku Amaveni, komboni ya ku Kwekwe, kunali lamulo lomwe silinkanenedwa koma aliyense ankalidziwa: ku ofesi ya boma supitako wosaitanidwa, ndipo akakuitana uyambe wadwala kaye. Bambo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata n'kudzakalambira m'migodi ya ku Kwekwe, ndipo moyo wawo wonse msonkho sanaugwirepo ndi manja. Mabalani, kalaliki wa pamgodi, ankadula yekha malipiro asanafike m'thumba. Choncho tinakula tikudziwa kuti boma likafuna zake limadula lokha, iwe ntchito yako ndi kukhala chete. Zitupa zathu zinali ndi chizindikiro choti ndife alendo, ngakhale mchombo wanga unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yomweyo. Kusukulu ankatitcha mabhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi. Munthu wotere ofesi amaiona ngati khomo lomwe ungalowe bwinobwino n'kutulukira m'basi yopita kudziko lomwe sunalionepo.

Ine ndekha m'banjamo ndinaswa lamulolo. Nditakwatiwa, mwamuna wanga, Mshona wa ku fakitale ya zitsulo, anandikokera ku Gweru kukaima pamzere mpaka miyendo kutupa, kukalumbira kuti Malawi ndamukana. Kumukana kunali kosavuta, poti sitinkadziwana. Ndinabwerako ndi chitupa cha nzika. Mwamunayo anamwalira mwana wathu wamkazi akuyamba kumene sukulu, ndipo ndalama zomwe anandisiyira ndinagulira makina akuluakulu osokera nsalu zolimba, oti akamalira nyumba yoyandikana nayo imadziwa kuti ndadzuka. Ndinali ndi ena awiri ang'onoang'ono osokera mayunifomu, koma amene ankatidyetsa anali aakuluwo.

Achimwene anga, oyamba kubadwa, mzere wa ku Gweru ankauseka. Ankati iwo si ng'ombe yoti ikaime padibi. Koma tsiku lina anatulukira ndi nkhuku yamoyo kukhwapa ndi botolo la mafuta ophikira, ndipo munthu akabwera choncho umadziwiratu kuti pali chomwe akufuna. Anali atapeza lole yakale, ndipo mgodi wina ku Silobela unkafuna woututira miyala. Vuto linali loti eni mgodiwo ankafuna nzika, yokhala ndi nambala ya msonkho ndi akaunti kubanki.

"Chemwali, n'dzina lokha," anatero. "Basa lonse n'langa, iwe sudzaona ngakhale fumbi."

Sindinganame kuti anandipusitsa. Ndinasayina ndi maso anga otsegula. Kwathu mlongo wako wamkulu ndiye mwini mbumba. Ndi amene amaima pamaliro ako, pa ukwati wa mwana wako, pa mlandu uliwonse. Amayi anali atakhala pomwepo pamkeka, akundiyang'ana ngati ndikuchedwetsa chinthu chodziwikiratu. Nkhuku ija tinadya tonse, iwo achimwene n'kutenga nthutumba.

Lole inayenda zaka zingapo. Achimwene ananenepa khosi, anapeza mkazi wachiwiri ku Silobela komweko, ndipo akabwera ku Amaveni kubhawa kunkadziwika. Kenako injini inafa. Loleyo anaikweza pamiyala kuseri kwa nyumba ya mkazi wamng'onoyo, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira. Nditafunsa za bizinesi anati yatsekedwa. Kwa ife kutseka kunali kusiya kupita kuntchito, basi. Palibe ndi mmodzi yemwe m'banjamo, ine ndemwe, amene anaganiza kuti chinthu chomwe chinatsegulidwa ku ofesi chimatsekedwanso ku ofesi, kapena kuti pali mapepala oti chaka ndi chaka uziuza boma zomwe wapeza, ngakhale utapeza mazira okha.

Patapita zaka, mayi wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe amagula katundu pa mgodi wina waung'ono, anandiuza kuti akufuna maovolosi a antchito awo onse, ndipo akakhutira nawo azidzagula kwa ine chaka chilichonse. Ntchito ngati imeneyo ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Chomwe chinkafunika n'chiphaso chosonyeza kuti ndilibe mangawa ndi a msonkho. Ndinavala diresi langa la Lamulungu n'kupita ku ofesi ya misonkho m'tauni, ndikudzimva kuti ndine munthu, woti ndikalembetse bizinesi yanga koyamba.

Mtsikana wa pakauntala anali waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandiwawa kwambiri. Analemba nambala ya chitupa changa pakompyuta, kenako anandifunsa m'Chishona ngati lole yanga ikuyendabe. Ndinatsala pang'ono kutembenuka kuti ndione yemwe akumufunsa. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi wodwala. Ndinali wolembetsa kale. Mgodi wa ku Silobela unkanena kuboma ndalama iliyonse yomwe unkalipira dzina langa. Ine sindinaperekepo pepala lililonse, ngakhale msonkho. Pa msonkhowo panakwera chindapusa, pa chindapusacho panakwera chiwongoladzanja, ndipo zaka zomwe lole inali khola la nkhuku nazonso zinali ndi chilango chake chifukwa chosanena kuti palibe chomwe ndapeza. Anatembenuza kompyutayo kuti ndione ndekha. Ndinaona manambala atandandalikana.

Njira zinali ziwiri. Ndikanatha kuvomera ngongoleyo, kupereka gawo loyamba, zotsalazo n'kumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo chiphaso akanandipatsa. Kapena ndikanatha kulumbira kuti bizinesiyo inali ya munthu wina, n'kumutchula, koma pamenepo akanatifufuza tonse awiri, poti kubwereketsa dzina nakonso ndi mlandu. Gawo loyambalo, m'nyumba mwanga munali chinthu chimodzi chokha chomwe chikanalikwanitsa, ndipo ndinachidziwa ndisanadzuke pampando: makina anga aakulu aja.

M'mawa mwake ndinakwera kombi ya ku Silobela. Achimwene ndinawapeza pakhonde la butchala, akuotcha nyama ndi makorokoza, anyamata okumba golide aja, onse ali mbuu ndi dothi kupatula iwo. Anandilandira ndi chimwemwe, kundiitanitsira chakumwa, kundionetsa kwa anzawo kuti uyu ndi mlongo wanga telala. Ndinadikira mpaka tili awiri n'kuwauza zonse. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena akwiya, kapena achita manyazi. Anapukuta mafuta pakamwa n'kundiyang'ana modabwa kwenikweni.

"Manje iwe unapitirenji kumeneko? Anakuitana ndani?"

Ndinawauza za maovolosi.

"Aikona, chemwali. Zaka zonsezi anthu aja ali phee, osakuvutitsa. Iwe wekha kukawagogodera. Waona manje?"

Ndinanyansidwa mpaka nyama yomwe inali pawaya inandinunkhira. Chomwe chinandinyansa si bodza, chifukwa sankanama. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ngongoleyo inabadwa tsiku lomwe ine ndinalowa mu ofesi muja. Ananditsimikizira kuti golide akangotuluka pamalo ena omwe akuwayang'anira, zonsezi n'zazing'ono. Pobwerera ndinadutsa dala kuseri kwa nyumba ya mkazi wamng'ono kuti ndiione lole yangayo. Matayala analibe, chitseko chimodzi anachotsa n'kufolerera chimbudzi.

Nkhaniyo ndinaitengera kubanja, poganiza kuti mwina akuluakulu aona zomwe ine ndikuona. Tinakhala pabalaza pa amayi, pamodzi ndi azakhali ndi mkulu wina wa bungwe lathu la maliro, amene amaitanidwa pa chilichonse chifukwa ali ndi jekete. Anayamba ndi pemphero. Kenako mmodzimmodzi anafotokoza, aliyense m'mawu akeake, kuti vuto ndi loti ndinapita ku ofesi. Azakhali anati ukwati wa kwa Ashona unandiphunzitsa kukonda mapepala. Mkulu wa jekete anati iye ali ndi zaka zambiri kuposa tonse ndipo boma silinamupezepo, ngati kuti boma linali kumufunafuna munthu wogulitsa fodya wa mphuno. Achimwene anakhala atazyolika, nkhope yachisoni, ngati iwo ndiwo alakwiridwa koma akhululuka.

Nditatchula za njira yachiwiri ija, yolumbira, m'nyumbamo munazizira. Amayi, omwe nthawi yonseyi anali asanayankhule, anakonza mpango wawo n'kunena motsitsa:

"Ukam'pereka mlongo wako kuboma, ndi chitupa chake chija, am'pitikitsa. Ndiye iwe ukadzafa adzakuika ndani?"

Ndinkadziwa kuti palibe yemwe akanawapitikitsa. Masiku amenewo anatha, ndipo anzawo ambiri anakonza kale zitupa zawo. Koma mantha a amayi anali enieni, anawasenza kuyambira ali mtsikana m'komboni, ndipo sindikanawachotsa ndi mawu. Achimwene nawo ankadziwa zimenezi. Mantha a nkhalamba anawasandutsa bulangete lawo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kulavula.

Ndinasankha kulipira. Ndinakhala masiku ambiri kwa bambo wina wodzaza mapepala a msonkho, m'kachipinda kosanja pamwamba pa sitolo ya nsapato, amene ankandilipiritsa pepala lililonse. Chaka ndi chaka tinkalemba zomwe lole inapeza. Anandifunsa malisiti a dizilo, a matayala, a makaniko, kuti ngongole itsikeko. Nditawaimbira achimwene anaseka, n'kunena kuti dizilo wa ku Silobela amagulidwa m'zigubu kuseri kwa sitolo, alibe lisiti. Motero boma linawerengera ngati loleyo inkayendera madzi. Pa zaka za nkhuku tinkangolemba ziro, ine n'kumasayina pansi pake, n'kulipiranso bamboyo chifukwa cholemba ziro.

M'kati mwa zimenezi azakhali anamwalira. Pamaliropo achimwene anaonetsa kuti mwini mbumba ndi ndani. Anagula bokosi lonyezimira, anabweretsa mbuzi ziwiri pagalimoto, ndipo ovina atafika ankawafupa ndi ndalama zamapepala, akuzitulutsa imodziimodzi kuti aliyense aone. Azimayi kukhitchini ankanditsina n'kumati ndili ndi mwayi kukhala ndi mlongo wotere. Mwana wanga, yemwe anali atangomaliza sukulu, ankathamanga uku ndi uku kuperekera amalume akewo madzi osamba m'manja. Ine ndinkatsuka mbale, ndikuwerengera mumtima kuti bokosi lija ndi miyezi ingati ya ngongole yanga. Ndikudziwa kuti si maganizo oyenera pamaliro, koma ndi omwe ndinali nawo.

Makina ndinagulitsa kwa telala wina wa ku Mbizo, mtengo wa munthu wodziwa kuti uli m'madzi. Ndinapereka gawo loyamba, chiphaso anandipatsa. Ndinachitenga kupita nacho kwa mayi wa kutchalitchi uja, tonse awiri tikudziwa kuti maovolosi sungasokere makina a mayunifomu. Singano imathyoka usanamalize thumba. Anandimvera chisoni, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa telala wa ku Mbizo yemweyo, poti tsopano ndiye anali ndi makina oyenera.

Tsiku lonyamula makinawo achimwene anabwera ndi galimoto yobwereka kuti andithandize. Anauza anthu oyandikana nafe kuti mlongo wawo sangalipire ngolo iwo alipo. Makinawo tinawakweza tili anthu anayi, ndipo pomwe anali panatsala mabowo a miyendo yake pasimenti. Atamanga zingwe anandipempha ya petulo. Ndinawapatsa. Asananyamuke anatulutsa mutu pawindo, ali mwee, n'kunena kuti ndisadandaule, malo aja agolide tsopano mapepala ake akuyenda bwino, akungodikira chidindo.

Galimoto itakhota ndinaimabe pageti. Mapepala akuyenda bwino. Munthu amene sanaimepo pamzere uliwonse, amene chitupa chake chikadali cha mlendo. Ndinalowa m'nyumba n'kumupeza mwana wanga akusesa ulusi pamalo pomwe panali makina. Ndinamuuza kuti abweretse chitupa chake cha nzika, chomwe anali atangotenga kumene, ndikachisunge ndekha m'sutikesi. Anasiya kusesa, koma sanapite kuchipinda.

"Amalume anachitenga pamaliro paja," anatero, maso ali pa tsache. "Anabweza. Anangochita fotokope, n'kundipatsa mapepala ena ndisayine."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Anati n'zapabanja, inu mukudziwa kale. Nanga ndikanawakaniza bwanji amalume, amayi?"