Kumapeto kwa Benchi

Ana a kusukulu ya mkaka amangomutcha Anti. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akupukuta mamina a ana a eni, ndipo palibe kholo linamupezapo chifukwa. Dzanja lake polemba ndi lokongola kuposa la ahedi, zimenezo asakunamizeni munthu. Koma malipoti ake ankangondondozana ngati nyerere: wadya, wagona, walira, wadzuka.

Chaka chino m'kalasi mwake munabwera kamtsikana kamene makolo atatu anadandaula kuti kamamenya ana awo. Ahedi anati Lachisanu akachotsa sukulu, pokhapokha lipoti la Anti litanena zina.

Anti analemba masamba awiri. Ahedi anawerenga n'kumubwezera.

"Apa mwangondiuza zimene ndikudziwa kale. Lolemba wamenya, Lachitatu wamenya. Nanga Lachiwiri sanamenye bwanji?"

Anti anafika kunyumba nkhope itagwa. Mwamuna wake, wosoka nsapato, anali pakhonde, ulusi uli kukamwa. Anamvetsera zonse, kenako anatola nsapato imodzi pamulu.

"Mayi, munthu akandiuza kuti nsapato yatha, sanandiuze kanthu. Ine ndimafuna kudziwa kuti yathera mbali iti. Onani iyi, yadyeka kunja kokha. Mwini wake ndi wamatewe."

"Ndiye ana anga asanduka nsapato, bambo?"

"Fungo limene mumabwera nalo ndi lomweli."

Anti anamuponyera kansanza, koma analowa m'nyumba n'kutsegula kope lake. Anayamba kuika masiku a ndewu mbali ino, masiku a mtendere mbali inayo. Ndewu zonse zinali za nthawi yojambula, kamtsikanako kali pakati pa benchi. Lachiwiri lija kanakhala kumapeto. Apo anakumbukira dzanja limene kamagwirira choko.

Lipoti latsopano silinakwane ndi tsamba lomwe. "Mwanayu sayamba ndewu," analemba motero. "Ndi wamanzere. Akamajambula, chigongono chake chimagundana ndi cha mnzake, mnzakeyo amamukankha, iye n'kubwezera. Umboni wanga ndi masiku asanu ndi anayi ali m'munsiwa. Timuyese kumapeto kwa benchi, kumanzere kwake kusakhale munthu."

Lachisanu mayi a kamtsikanako anabwera ndi thumba loti atengeremo kapu ndi kabulangete ka mwana wawo. Ahedi anawawerengera lipotilo mokweza, pang'onopang'ono. Mayiwo anayang'ana Anti, kenako anapinda thumba lawo, n'kufunsa ngati Lolemba abwere naye nthawi yomwe ija.