Kansalu Kofiira Pachitseko

Kuntchito amamutchula kuti Simukumveka. Dzinali linabadwira m'misonkhano ya pa intaneti. Akafunsidwa funso, mayiyu amayamba kuyankha mwakhama, milomo ikugwedera, manja ali m'malere, koma mawu osatuluka, mpaka wina amukumbutse kuti, "Mayi, simukumveka, tsegulani maikolofoni." Anzake amaseka, iyenso amaseka pang'ono, kenako n'kubwereza zonse kuyambira poyamba. Iwo amangomuyesa woiwalaiwala. Sadziwa kuti chala chakecho chinachita kuphunzitsidwa kutseka, ndipo chinaphunzira mopitirira muyeso.

Amagwira ntchito pakampani ina yonyamula katundu. Ndiye amalondola kuti lole iti yanyamuka, iti yafera panjira, dalaivala uti wazimitsa foni. Zonsezi amachitira kunyumba, m'kachipinda komwe kale kanali kosungiramo katundu. Laputopu anaikhazika pa mabuku akale kuti kamera isamamuonetse kunsi kwa chibwano, ndipo kumbuyo kwake anapachika katani yoyera yobisa masutikesi, ndowa ndi matewera a akuluakulu.

Matewerawo ndi a bambo ake. Pa unyamata wawo anali kondakitala wa basi, ndipo kudepoti ankadziwika ndi dzina loti Achimkuzamawu. Amati akaitanira basi yawo, ngakhale munthu amene wakhala kale m'basi ina ankatsika. Atadwala sitiroko, mbali ya kumanzere inafooka, mwendo ukukokedwa, mkono uli lende. Koma matendawo anawasiyira mawu onse, osachotsapo ngakhale pang'ono. Mayi ake anali atamwalira kale, mlongo wake amakhala kutali ndipo chimene amatumiza kawirikawiri ndi malangizo a pafoni. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye, pokhala woyamba kubadwa, anawatenga bambowo, n'kukapempha kuntchito kuti azigwirira kunyumba. Atamulola anasangalala, osadziwa kuti walira mvula walira matope.

Bambo ankakhala pampando wa pabalaza, pomwe ankatha kuona chitseko cha kachipindako kumapeto kwa khonde la m'kati. Ankaitana pa chilichonse. "Mwanawe, madzi!" "Mwanawe, wailesi yasiya!" "Mwanawe, tabwera udzaone mbalame iyi pawindo!" Nthawi zina sankafuna kanthu, ankangofuna kumva kuti m'nyumba muli munthu. Iye ankadina batani la maikolofoni, n'kukuwa kuti, "Ndikubwera, bambo!" kenako n'kudinanso, n'kupitiriza kufotokoza za matayala. Ankatopa kwambiri, kutopa kwa munthu amene tsiku lonse akuyankha mbali ziwiri.

Tsiku lina chala chinachedwa. Unali msonkhano wa makasitomala akuluakulu, iye ali pakati pofotokoza, pomwe mawu aja a kudepoti anaboola chitseko: "Mwanawe, ndamalizatu kuno! Bwera undidzutse pachimbudzi!" Nkhope zonse pa kompyuta zinangoti zii. Wina anaika dzanja pakamwa.

Madzulo abwana anamuimbira. Sanakalipe ayi, n'chifukwa chake zinamuwawa kwambiri. "Mayi, tonse tili ndi makolo, ndikumvetsa," anatero. "Koma makasitomala sabwera kudzamva za kunyumba kwanu. Zikachitikanso, mubwerera ku ofesi ngati anzanu ena."

Kubwerera ku ofesi kunatanthauza kuwatsekera bambo okha m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena kusiya ntchito yomwe inkawagulira mankhwala. Anatenga kansalu kofiira kopukutira mbale, n'kukakhala pambali pawo akuwawenga zikhadabo.

"Bambo, mukaona kansalu aka pachitseko, ndiye kuti ndili pamsonkhano. Anthu onse a m'kompyutamo amamva chilichonse cha m'nyumba muno. Akakumvaninso, andichotsa pano."

"Amamva ngakhale ndili kuno?"

"Amamva, bambo. Ngakhale kutsokomola."

Bambowo anakayang'ana kansaluko nthawi yaitali. "Chabwino, mayi," anatero. Ankamutchula kuti mayi akafuna kumusonyeza kuti amumvera.

Za batani sanawauze. Sanawauze kuti nthawi zambiri maikolofoni yake imakhala yotseka, moti ngakhale ataimba nyimbo palibe angawamve. Anaona kuti kufotokoza kungosokoneza mutu wa munthu wokalamba. Komanso, tinene zoona, bata lija linamukomera. Achimkuzamawu anasunga lamulolo kuposa mmene ankasungira matikiti. Kansalu kakangoonekera, wailesi ankaitsitsa, chifuwa ankachibisa m'pilo. Mayiyu naye anagula mahedifoni aakulu otseka makutu onse. Posapita nthawi anayamba kachizolowezi kena: msonkhano ukatha, kansalu sankakachotsa msanga. Ankakhala kaye pampando, maso ali chitsinzinire, kupuma pomwe palibe akumuitana, kaya kukompyuta kaya pabalaza.

Tsiku lina kunali msonkhano wa antchito onse, wofotokoza dongosolo latsopano lolondolera malole. Iye analibe chonena. Anatseka maikolofoni pachiyambi pomwe, anazimitsanso kamera, n'kutambasula miyendo pa ndowa. Mkulu wa zamakompyuta ankalankhula osapumira, akusintha zithunzi zomwe palibe ankaziwerenga. Chapakatikati anamva pansi pakunjenjemera pang'ono, ngati wina wagwetsa thumba. Anasuntha hedifoni khutu limodzi n'kutchera. Akanakhala bambo, akanaitana, nanga si ndiwo aja? M'nyumba munali chete. Anati ndi aneba a kuseri kwa khoma, n'kubwezera hedifoni ija.

Msonkhano unatalika, mafunso anabwera, ena kufunsa zomwe zayankhidwa kale. Utatha, anatseka laputopu n'kukhala kaye monga mwa chizolowezi chake. Anasisita khosi. Anamwa tiyi wozizira amene anatsala m'kapu. Kenako anatsegula chitseko.

Anawapeza ali gone m'khonde, pakati pa mpando wawo ndi chimbudzi. Ndodo inali itagwera patali. Buluku linali litanyowa, ndipo pamwamba pa diso panali bala lomwe magazi ake anali atayamba kale kuuma. Mkono wa juzi, wa kudzanja labwino lija, unali m'kamwa mwawo, atauluma mpaka kunyowa.

"Bambo! Bambo, mwagwa nthawi yanji? Osaitana bwanji?"

Anatulutsa juziyo m'kamwa. Sanamuyang'ane iye, anayang'ana kumbuyo kwake, pachitseko pomwe kansalu kanali kakadali lende.

"Tsitsa mawu," ananong'oneza. "Atha?"

"Atha, bambo."

"Sanandimve, eti? Pogwa paja ndinaopa kuti ndodo yasokosa."

Anagwada, n'kulowetsa manja m'khwapa mwawo. Anali olemera, ozizira chifukwa cha simenti. Anafuna kuwauza kuti palibe akanawamva, kuti maikolofoni inali yotseka kuyambira pachiyambi, kuti akanakuwa ndi mawu onse a kudepoti akanamva ndi iye yekha. Koma bambowo ankamuyang'ana monyadira, ngati mwana amene wasunga bwino nyumba.

"Sanakumveni, bambo," anatero. Ndipo chinali choona.

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, anangosoka balalo. Atabwerera, anachotsa kansalu kaja n'kukaponya m'ndowa ya zochapa. Mawa lake ananyamula laputopu n'kupita nayo pabalaza, n'kuwaonetsa kachithunzi ka maikolofoni kokhala ndi mzere wofiira. Anawafotokozera pang'onopang'ono. Anagwira chala chawo n'kudina nacho batanilo, kutseka, kutsegula, kutsekanso.

"Mwaona? Kakakhala chonchi samva kanthu. Muziitana, bambo. Nthawi iliyonse muziitana."

"Chabwino, mayi," anatero. Koma anayankha monong'ona, akuyang'ana kompyutayo cham'mbali ngati galu wa eni amene auzidwa kuti saluma.

Ntchito akadali nayo, ndipo akugwirabe kunyumba. Abwana anamuyamikira posachedwa kuti masiku ano kumbali yake kulibe phokoso. Mlongo wake anaimba foni n'kulangiza kuti agule belu, ndipo anaguladi, koma likungochita fumbi pambali pa mpando, poti belu nalonso limasokosa.

Tsopano amachita misonkhano chitseko chili pululu, hedifoni ili khutu limodzi. Kawirikawiri amadzuka pakati pa msonkhano kukasuzumira pabalaza. Amawapeza ali phee pampando, milomo itauma, kapu ya madzi ilibe kanthu, akudikira kuti aone yekha. Akabwerera amapeza amufunsa kale funso, n'kuyamba kuyankha mofulumira, milomo ikugwedera.

"Mayi, simukumveka," amatero anzake, n'kuseka.

Amadina batani, n'kupepesa, n'kubwereza. Khutu linalo limakhala lili kukhonde, kudikira kuti mwina lero amva, "Mwanawe, madzi!" Chigwereni tsiku lija sanaitanenso.