Nanga Akulima Ndani?

Ababa, patha masabata atatu chikuikireni m'manda ku Nchema, ndipo lero aphunzitsi a ku koleji andibwezera chimangirizo changa. Alemba ndi inki yofiira kuti ndasochera. Akuti mutu wa buku lakale lachingerezi lija ndi chikondi, ndilembenso, apo ayi ndilephera.

Mukukumbuka kuchipatala ku Boma, ndikukuwerengerani bukulo uku ndikumasulira m'Chinyanja? Titafika pamene mnyamata akufunsira mtsikana pakhonde la nyumba ya pa esiteti, munakweza dzanja la diripi lija. "Taima kaye, mwanawe. Awa angokhalira kumwa tiyi ndi kulemberana makalata. Nanga akulima ndani?" Ndinafufuza masamba onse, osapeza dzina la wolima ngakhale mmodzi. Munaseka mpaka kutsokomola. "Chimenecho, cholimira eni esiteti popanda malipiro, agogo ako ku Magomero ankachitcha thangata."

Ine ndinalemba zomwezo, Ababa. Aphunzitsiwo ndimawalemekeza, koma sindifufuta mzere ngakhale umodzi. Ndawonjezerapo masamba awiri, ndipo mawa ndikawapatsa ndekha pamanja. Ngati kuli kulephera, ndilepherera limodzi ndi inu.