Kachala Kokhota pa Ndalama ya Siliva

Agogo a nyumba yakumapeto ndi mmisiri wozokota zitsulo, ngakhale maso anafooka. Amakhala okhaokha. M'mawa uliwonse amapukuta ndalama ya siliva yokumbukira kutsegulidwa kwa mlatho, yomwe anazokota adakali anyamata: mbali ina mlathowo, mbali inayo dzanja lotambasula. Salola munthu kuigwira.

Tsiku lina mayi woyandikana nawo, atawabweretsera madzi, anasuzumira n'kuseka. "Agogo, apa munaphonyatu! Kachala aka n'kokhota."

"Mabwana ananenanso choncho, ati ndikawongole," anatero agogowo. "Ndinakana. Dzanjali ndi la malemu akazi anga. Chitseko ichi ndicho chinawapana."

Mayiyo anayang'anitsitsa. Zonse zinkaonekabe bwinobwino, koma kachalako kanali katayamba kufufutika chifukwa chosisitidwa.