Loya wa Azimayi a m'Zigafa

Akuluakulu amati mlandu suwola. Amene anayambitsa mawu amenewa sanakhaleko ku Mchinji nyengo ya fodya, chifukwa Tiyanjane anaiona ndi maso ake milandu ikuwola chaka ndi chaka.

Tiyanjane anabadwira kufupi ndi mishoni ya ku Ludzi. Mayi ake ankasankha fodya pa esiteti ina, ndipo ankabwera madzulo manja ali bii, osafuna kukamba za kuntchito. Mwanayo anali ndi mutu. Masisitere anamukankha mpaka anakafika ku Zomba kukaphunzira zamalamulo, ndipo anamaliza dziko litangolowa m'matipate, aliyense akutchula ufulu ngati chinthu chogula pa golosale. Anzake anathamangira ku Blantyre kukaimira makampani. Iye anabwerera kwawo n'kulowa ntchito m'kabungwe kothandiza azimayi, m'kachipinda ka pa boma koyandikana ndi chigayo. Achibale anangogwira pakamwa. Sukulu yonse ija n'kudzathera pa fumbi la mgaiwa?

Ankaimira azimayi ovutitsidwa kuntchito. Kunkabwera aphunzitsi, kunkabwera ogulitsa m'masitolo, koma ambiri anali akazi a matenanti, ndipo nkhani yawo inali imodzimodzi. Kapitawo ndiye amagawa phoso, ndiyenso amanena kuti fodya uyu ndi wabwino, uyu ndi zinyalala. Akamufuna mkazi wa tenanti, amangomuuza kuti akatenge yekha chimanga kunkhokwe ya esiteti. Akakana, banja lonse limagona ndi njala.

Lamulo linalipo, lokongola ndithu. Koma esiteti imadziwa mwamuna yekha kuti ndiye wantchito. Mkazi awokere, apalire, athyole, asoke fodya mpaka zala kutupa, kukhoti loya wa esiteti ankangofunsa mwaulemu kuti, "Kodi mayiwa analembedwa liti ntchito?" Ndiye mlandu ukangoimitsidwa pang'ono, fodya wapita ku okushoni, lole yanyamula matenanti kubwerera kwawo, wodandaula ndi mboni zake onse ali pamwamba pa katundu. Tiyanjane ankatsala kukhoti ndi chikwama chake chokha. Zinkamuwawa, ndipo sankabisa.

Ntchitoyi anaigwira mpaka imvi zinamera. Milandu ingapo anawina, yambiri inamupulumuka. Koma ukamufunsa mlandu umene sumuchoka m'mutu, amatchula wa Stelia.

Stelia anali wa ku Phalombe, mkazi wa tenanti dzina lake Mateyu, pa esiteti ina cha ku Kachebere. Anafika kuofesi mwa kufuna kwake, mwamuna wake akutsatira pambuyo chipewa chili m'manja. Kapitawo wawo, Kefasi, anamugwira m'nkhokwe, koma Stelia anakuwa, anamuluma dzanja n'kuthawa. Azimayi amene ankasoka fodya pafupi anamva kukuwako. Komabe pa esiteti panali patayamba kale manong'onong'o oti anapitako mwadala pofuna chimanga choonjezera.

"Ine sindikufuna chilichonse, amayi," anatero Stelia. "Ndikungofuna zimveke kuti ndinakana."

Tiyanjane anaona kuti ulendo uno wapeza pogwira. Zoti analembedwa ntchito liti anazisiya, n'kukasuma kuti Kefasi anafuna kumugwirira Stelia. Anayenda kupolisi ndi kukhoti mpaka nsapato kutha, kuchonderera kuti mlanduwo ulowe fodya akadali m'zigafa, matenanti asanabalalike. Tsiku linapezeka. Mboni zinavomera. Tiyanjane anamulangiza Mateyu zonse: asachoke pa esiteti, asaope kuopsezedwa, asasaine pepala lililonse. Mwana wa ku Ludzi, wokulira m'mudzi, anaganizira za mapepala n'kuiwala za mbuzi.

M'mawa wa tsiku la mlandu anapita ndi galimoto yobwereka kukawatenga. Atafika anapeza mbuzi yaikazi, yonenepa bwino, itamangidwa pa mzati wa chigafa. Mateyu anatuluka akumwetulira.

"Takulandirani, amayi. Musavutikenso, zatha. Tawina!"

"Mwawina kuti, bambo? Kukhoti sitinafike."

Mateyu anafotokoza monyadira. Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, akuluakulu a matenanti anakhala pansi ndi abale a Kefasi. Kefasi anagwada pamaso pa anthu, anavomera kuti analowa m'nyumba ya mwini, ndipo anapereka mbuzi. Anthu anaomba m'manja. Kapitawo weniweni kugwadira tenanti! Chiyambire kulima fodya, Mateyu anali asanaonepo zotere.

Tiyanjane anatembenukira ku mzati kuja. Mbuzi imeneyi ankaidziwa kuyambira ali mwana. Ndi imene mwamuna amalipira akagwidwa ndi mkazi wa mnzake. Salipira kwa mkazi, amalipira kwa mwini mkazi, ndipo ikalandiridwa ndiye kuti anthu onse agwirizana kuti chinali chigololo, kuti awiriwo anachita kumvana. Kefasi sanagwade chifukwa cha manyazi. Anadziwa bwino chimene ankagula.

"Bwezani mbuziyi, a Mateyu. Lero lomwe."

Kumwetulira kuja kunatha. "Ndibweze chipepeso, akuluakulu ataweruza? Amayi, inu madzulo mubwerera ku boma. Fodya wanga ndi uyu ali m'chigafamu, ndipo wodzamusankha ndi yemweyo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka."

Sanali munthu woipa Mateyu, ndipo n'chimene chinkapweteka kwambiri. Akanakhala woipa, bwenzi Tiyanjane atamukalipira n'kupepukidwa mtima. Anapita kwa azimayi aja a umboni. Anawapeza akusoka fodya, maso ali pa singano. Wamkulu mwa iwo anayankha osadzutsa mutu: "Nkhani inathera pakhomo, amayi. Ife tikakambenso chiyani?"

Kenako anamupeza Stelia kuseri kwa nyumba, atakhala pa mtondo wogwetsa, atavala chitenje chakumunda. Tiyanjane anakhala pansi pambali pake, suti yake yakukhoti ili m'dothi.

"Achemwali, mlandu ukadalipo. Khoti silidziwa za mbuzi. Tiyeni, galimoto ili apo."

"Khoti silidziwa, koma kuno akuidziwa," anatero Stelia motsitsa mawu. "Ndikaima kumeneko ndekha, akandifunsa kuti nanga amuna anu analandiriranji, ndidzati chiyani? Dzulo a kwaya anditumizira mawu kuti ndiyambe ndapuma kuimba. Kumjigo ndikafika, anthu akumakhala chete."

"Ine ndikudziwa kuti munakana."

"Inu mukudziwa, inde." Stelia anamuyang'ana, mopanda mkwiyo n'komwe. "Paja munati ndikayankhula zimveka. Ndili chete ankangonong'ona. Panopa aweruza."

Tiyanjane anangomugwira dzanja. Misozi inayamba kutsika kwa iye, loya, pamene mwini nkhani maso ake anali gwa.

Kutsogolo kwa nyumba mbuzi ija inayamba kulira, ikukoka chingwe. Mateyu anali atalowa kale m'chigafa. Anaitana ali momwemo: "Amake mwana, chiwetocho sichinamwe chiyambire m'mawa!"

Stelia anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, anaimirira, n'kumanga bwino chitenje.

"Pepani, amayi," anatero. "Ndikaimwetse madzi."